Kalumo, Mlongo wa Mwamuna Wake

Dzina loti Kalumo anamupatsa ndi makasitomala ake omwe, ndipo sanalakwitse. Mayiyu ankaluka tsitsi m'kasaluni ka chipinda chimodzi kumapeto kwa msewu wa mashopu, pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa matayala akale. Manja ake anali ofewa, moti mwana ankatha kugona akulukidwa. Koma pakamwa pake! Ukabwera ndi tsitsi losatsuka ankakuuza pomwepo, anzako akumva. Ukati ulipira mawa ankakufunsa ngati mutuwo uusiye kuti udzautengenso mawa lomwelo. Anthu ankachoka akung'ung'udza koma ankabweranso, chifukwa mizere ya Kalumo sinkapindika, ndipo iye sankanamiza munthu kuti watchena asanatchene.

Kuluka anaphunzirira pakhonde, pamitu ya azing'ono ake, mayi awo atapita kukachapa m'nyumba za anthu. Sukulu inamuthera panjira. Analowa ntchito yosesa ndi yotsuka mitu pasaluni ya mayi wina, ndipo anapirira zonyozeka zambiri mpaka anagula chipeso chake, kenako galasi lake, kenako dulaya yakale yowumitsira tsitsi. Dulayayo inkasokosera kuposa makina a wowotcherera uja, koma ndi imene inachititsa kuti kachipindako kazitchedwa saluni. Tsiku limene anaigula anaipukuta katatu isanagwire mutu wa munthu.

Mwamuna wake anthu ankangomuti Wamtali. Anali mlonda pashopu ya matayala ija, munthu wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Anthu ankadabwa kuti moto ndi madzi zagwirizana bwanji, koma zinagwirizana. Anakwatirana poyera, abale a mbali zonse akuona, mphete zili kuzala. Anabereka mwana wamkazi wamtali ngati bambo ake komanso wapakamwa ngati mayi ake. Ankakhala m'chipinda chalendi chodontha pakona imodzi, koma chitseko chinali chawo, ndipo akakangana ankakangana okha.

Zinasintha asilikali atalengeza kuti akulemba anthu atsopano. Wamtali anali atatopa ndi ulonda wolondera matayala oti ngakhale mbava sizinkawafuna. Msinkhu anali nawo, satifiketi anali nayo, kuthamanga ankatha. Chinamutsekera njira ndi chinthu chimodzi: ankafuna anyamata osakwatira komanso opanda ana.

Nzeru inachokera kwa apongozi, mayi ake a Wamtali, mayi wamasiye amene sankasowa yankho pa chilichonse.

"Aliyense amatero," anatero apongoziwo. "Ukuganiza kuti onse avala jombowa analibe akazi? Angolemba kuti sali pabanja, basi. Iwe ukhala mlongo wake kwa miyezi yochepa chabe. Akangomaliza maphunziro ubwerera pamalo pako."

"Nanga mwanayu akhala wa ndani?" anafunsa Kalumo.

"Wako. Mlongo sabereka kodi?"

Kalumo anayang'ana mwamuna wake kuti mwina anenapo kanthu. Wamtali anali akukanda mutu, maso ali pansi. Kenako anadzutsa nkhope, ndipo Kalumo anaona mmene munthuyo ankaifunira ntchitoyo. Mkazi amene sankanama ngakhale pa nkhani ya tsitsi anavula mphete tsiku limenelo, naiponya m'kachitini ka mapini. Bodzalo linamuwawa kuyambira pachiyambi, koma anadziuza kuti miyezi imatha.

Sizinathere pamphete. Panafunika zithunzi, kuyezedwa kuchipatala, nsapato zothamangira, basi yopita kumayeso ndi yobwerera. Zonsezi zinachokera mu dulaya ija. Kalumo anaigulitsa kwa mnzake wa saluni ya kutsidya kwa msewu, ndipo masana aliwonse ankaimva ikulira pamitu ya makasitomala amene kale anali ake. Chipinda chalendi anachisiyanso, poti apongozi anati n'kuwononga ndalama. Iye ndi mwana anasamukira kwa apongoziwo, kumene ankagona pabalaza kuseri kwa sofa, m'mawa n'kupinda zofunda msanga alendo asanafike.

Wamtali anasankhidwa. Dongosolo la kukampu linali loti wophunzira usilikali amalandira malipiro, ndipo gawo lina limatumizidwa kwa wachibale mmodzi amene iye wamutchula. Munthu wosakwatira angatchule ndani? Anatchula mayi ake. Mafoni analandidwa pageti tsiku loyamba lomwelo, moti panalibe womufunsa. Khadi la kubanki linkakhala m'kachikwama ka apongozi, ndipo kachikwamako kankagona pansi pa pilo wawo.

Mwezi woyamba sikunabwere kanthu. Wachiwiri apongozi anapita kubanki atavala zakutchalitchi, n'kubwerera ndi sopo, paketi ya shuga ndi nkhope yakugwa.

"Adula," anatero.

"Adula chiyani, amayi?"

"Ndimagwira ntchito kubanki kodi ine? Ndapeza zochepa, ndatenga zochepazo."

Kalumo sanakhulupirire. Ndani akanakhulupirira? Msewu wonse unkadziwa kuti asilikali amalandira bwino. Makasitomala ankamuseka kuti posachedwa aziluka atavala magolovesi, wogulitsa matayala ankamuchitira saluti akamadutsa. Pamenepo n'kuti mwana atasiya kupita kusukulu ya mkaka, ndipo saluni yopanda dulaya inali itasanduka malo ochezera amayi osalipira. Kalumo anayamba kuwerenga chilichonse chatsopano m'nyumbamo. Apongozi akagula mpango, mtima wake unkawira. Akamva fungo la mafuta odzola achilendo, sankadya.

Apongozi nawo anali ndi zawo mumtima. Ankakhulupirira kuti mwana wawo wapeza njira yotumizira mkazi wake mwamseri, ndipo iwo akungopatsidwa zotsala. Mwana atadwala chifuwa, Kalumo n'kugula mankhwala ndi ndalama yoluka mitu iwiri, apongozi anati umboni ndi umenewo. Shuga anayamba kutsekeredwa m'kabati.

Tsiku lina m'mawa mwana anamwa tiyi wopanda shuga n'kumulavula. Kalumo anaika kapu pansi mwamphamvu.

"Amayi, kiyi wa kabati."

"Shuga ndi wa mwana wanga. Wagula ndi thukuta lake."

"Thukuta lake? Nsapato anathamangira zija munagula ndinu? Ndagulitsa dulaya yanga, ndasiya nyumba yanga, ndikugona kuseri kwa sofa ngati tsache, ndiye lero mdzukulu wanu yemwe mukumumana shuga?"

"Usandikwezere mawu m'nyumba mwanga! Zimene akukutumizira mobisa ukupita nazo kuti?"

"Akunditumizira ngati ndani? Si inu munandisandutsa mlongo? Boma likundidziwa ine?"

Anakangana mpaka woyandikana nawo nyumba anabwera kudzatenga mwana. Kuyambira pamenepo amayi awiriwa ankayankhulana kudzera mwa mwanayo: kawauze agogo ako zakuti, kawauze mayi ako zakuti. Kalumo anangoika mtima pa tsiku limodzi, loti abale akaone ophunzira kukampu. Kumeneko akamufunsa mwini wake pamaso pa mayi ake, ndipo chilungamo chikaoneka.

Tsikulo litafika, apongozi anagamula kuti mwana atsale kwa woyandikana uja.

"Akangomuona afuula kuti adadi, ndiye tonse tathera pomwepo."

Mwanayo anali atavala kale diresi lake labwino, tsitsi lolukidwa mizere yatsopano, m'manja muli chithunzi chimene anajambula kuti akapatse bambo ake. Analira mpaka mawu anasasa. Kalumo anamuvula nsapato ndi manja ake, ndipo chimene chinamupsetsa mtima koposa n'chakuti apongozi sankanama. Mwana yekhayo ndiye sakanatha kusunga bodza la akuluakulu.

Kampu inali yoyera mochititsa manyazi. Miyala ya m'mbali mwa msewu inali yopakidwa laimu, udzu wometedwa mofanana, ngakhale mitengo inkaoneka ngati yaima pamzere. Abale anasechedwa pageti, n'kulowetsedwa muholo ya mabenchi aatali. Asanaone ana awo, kutsogolo kunabwera sajeni woona za malipiro, bambo wonenepa wa magalasi, atakolekera kandodo m'khwapa.

"Makolo ndi abale," anatero sajeniyo, "chaka chilichonse mumabwera kuno mutakwiya. Mumati ana anu akudya ndalama okha. Ndiye ndikufotokozereni kamodzi, musadzativutitse pageti."

Anayamba kutchula, akumenya kandodo patebulo. Malipiro a wophunzira si a msilikali, ndi ochepa, ndipo mwezi woyamba amachedwa chifukwa mayina amakhala asanalowe m'makina. Pa zochepazo boma limatenga msonkho. Kenako penshoni. Kenako inshuwalansi, yoti munthu akavulala kapena akafa, wachibale amene anamutchula alandire. Yunifolomu yoyamba ndi yaulere, koma chilichonse chimene wophunzira wataya kapena kuwononga chimadulidwa pamalipiro ake: chipewa, lamba, mbale, bulangeti, jombo. Kumeta amalipira. Polishi, sopo ndi zina amatenga kukantini pangongole, ndipo kantini imadula isanafike ndalama kwa munthu.

"Ndiye muwauze ana anu azisamala katundu," anatero sajeniyo akumwetulira. "Kuno munthu akataya mbale amatenga ya mnzake, mnzakeyo n'kutenga ya wina. Amalipira ndi wofatsa amene wathera pomalizira."

Holo yonse inaseka. Kalumo sanaseke. Wofatsa wothera pomalizira uja ankamudziwa bwino, anagona naye chipinda chimodzi zaka zingapo. Anacheukira apongozi, apongozi nawo anamucheukira, ndipo onse awiri anabweza maso msanga. Miyezi yonse ija ankakhadzulana chifukwa cha ndalama zimene zinathera m'mbale ndi mabulangeti a anthu ena. Kupepesa palibe anapepesa. Mkwiyo wa Kalumo sunathe, unangosowa woukhalira.

Sajeni atafunsa ngati pali funso, dzanja la Kalumo linakwera lokha. Apongozi anamutsina pantchafu, koma iye anali ataima kale.

"Bwana, ine ndine mlongo wake wa mmodzi mwa ophunzirawa. Ndimafuna kudziwa, akamaliza maphunziro n'kukwatira, mkazi wake ndi ana amalembedwa liti?"

"Funso labwino, chemwali. Akamaliza sakwatira msanga. Amayamba watumikira zaka zitatu, kenako n'kupempha chilolezo. Akaloledwa, mkazi amalembedwa, amapatsidwa nyumba, chipatala, zonse."

"Zaka zitatu?"

"Zitatu. Onsewa anauzidwa asanasaine."

"Nanga ngati wina anali ndi mkazi kale, kapena mwana?"

Sajeni anavula magalasi. "Ameneyo ananamiza boma. Tsiku limene tamudziwa amavula yunifolomu, amatuluka pageti, ndipo amabweza zonse zimene tawononga pomuphunzitsa. Mukudziwapo wina, chemwali?"

Apongozi anali atasiya kupuma. Kalumo anamva mawu akukwera pakhosi, mawu oona, amene moyo wake wonse sanazolowere kuwabweza. Anaganiza za dulaya, za sofa, za mwana wolira atavala diresi labwino. Anaganizanso za munthu wamtali uja akutuluka pageti ndi ngongole pamutu.

"Ayi, bwana," anatero. "Ndimangofunsa."

Anakhala pansi. Onsewa anauzidwa asanasaine. Ndiye kuti Wamtali ankadziwa kuti si miyezi. Ananyamula chikwama tsiku lija, anamutsanzika mkazi wake pa siteji ya basi, akudziwa.

Ophunzira anatulutsidwa pabwalo, onse ometa mipala, onse ofanana. Kalumo anamuzindikira wake ndi kutalika. Anali ataonda, khosi litatalika, milomo itang'ambika, ndipo ankayenda ngati nsapato zili ndi minga mkati. Anakumbatira mayi ake. Atafika kwa Kalumo anayang'ana uku ndi uku, n'kumupatsa dzanja.

"Muli bwanji, achemwali?"

Kalumo analiyang'ana dzanjalo osaligwira. Onse atatu anakhala pabenchi ya pansi pa mtengo, apongozi akutsegula chakudya chimene anabweretsa. Wamtali ankadya ngati munthu wothamangitsidwa.

"Mwana ali bwanji?" ananong'ona.

"Mwana wa ndani?"

"Chonde, pano pali makutu."

"Munkadziwa za zaka zitatu?"

Wamtali anasiya kutafuna. "Ndinkaopa kuti mukana."

"Ndikanakana, inde! Ndiye munaona kuti bola mundinamize ine pamodzi ndi boma? Mwana wanu wasiya sukulu. Ndikugona pansi kwa mayi anu. Ndakhala ndikuwatcha mayi anuwa akuba, iwo akunditcha ine wakuba, pamene inu mukudyetsa kampu yonse mbale ndi mabulangeti. Mukafa mawa pano, ine ndidzamva kwa anthu. Pamaliro panu ndidzakhala kumbuyo ngati wodzathandiza kuphika!"

"Tsitsa mawu, iwe," anatero apongozi, koma ulendo uno mawu awo analibe mphamvu.

"Zitha," anatero Wamtali. "Tangopirirani. Komanso ngati muli ndi kenakake mundisiyire. Andidulanso jombo mwezi uno, ndipo polishi wanga anaba."

Kalumo anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anabwera kudzafunsa ndalama za mwana, ndipo ndi iye akupemphedwa ya polishi. Asanayankhe, Wamtali anadzambatuka n'kuima njo, manja m'mbali, chakudya chili m'kamwa. Kumbuyo kwa benchi kunali kutaima kopolo, mmodzi mwa aphunzitsi awo, mnyamata wosalala nkhope, yunifolomu yosita bwino.

"Wamtali! Alendo ako ndi amenewa?"

"Inde, bwana! Mayi anga ndi mlongo wanga, bwana!"

Kopolo anapereka moni kwa apongozi mwaulemu, koma maso ake anali kwina. Anamuyang'ana Kalumo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osafulumira.

"Ndinu munafunsa za ukwati muholo muja? Ndinamva. Ine zaka zanga zitatu zinakwana kalekale, chemwali, chilolezo ndingotenga mawa." Anaseka yekha, n'kumenya Wamtali paphewa. "Iwe, mlongo wokongola chonchi umamubisa bwanji? Kuyambira lero ndiwe mlamu wanga. Ukandisamala, nanenso ndikusamala. Za jombo zija tikhoza kuziona."

Wamtali anayang'ana kutsogolo, pamwamba pa mutu wa mkazi wake.

"Ndikufunsa iwe," anatero kopolo. "Mlongo wakoyu ali pabanja?"

Apongozi anayamba kutsekera chakudya chosafunika kutsekera. Kalumo sanayang'ane kopolo, anayang'ana mwamuna wake. Sankafuna kuti aulule zonse, sankafuna kuti achotsedwe ntchito. Wamtali akanangoti ali pabanja, bwana, ali ndi mwamuna kwawo. Bodza lija silikanasweka, ndipo mawu amenewo akanakhala oona. Koma munthuyo anali ataphunzitsidwa miyezi yonseyi kuyankha chimene bwana akufuna kumva, ndipo mantha anali atamudya mutu.

"Sali pabanja, bwana."

"Eya!" anatero kopolo, akutulutsa foni m'thumba. "Ndiye tipatseni nambala, chemwali, tizikudziwitsani mmene mchimwene wanuyu akuchitira."

Mtima wa Kalumo unasiya kuwira. Unazizira, ndipo kuzizirako kunali koopsa kuposa kukalipa kwake konse. Anaimirira, nakonza diresi lake. Nambala yake Wamtali ankaidziwa pamtima, ndi imene ankaimba usiku uliwonse ali paulonda, kufunsa ngati wadya.

Anatchula nambala yoyamba, n'kudikira. Wamtali sanagwedezeke. Anatchula yachiwiri, n'kudikiranso. Kopolo ankalemba akumwetulira, akuganiza kuti ndi manyazi a mkazi. Pa yachinayi apongozi anati, "Mwana wanga," osadziwika ngati akuuza mwana wawo kapena mpongozi wawo. Kalumo anapitiriza, imodziimodzi, akusiya mpata pakati woti munthu n'kutsokomola, n'kunena kuti pepani bwana, n'kuchita chilichonse. Thukuta linkatsika pampala wa Wamtali n'kulowa m'maso, koma dzanja silinachoke m'mbali. Milomo yake yokha inkagwedera pang'ono, ikutsatira nambala iliyonse isanatchulidwe.

Itatsala imodzi, Kalumo anadikira nthawi yaitali, mpaka kopolo anadzutsa mutu.

"Yomaliza, chemwali?"

Anaitchula mokweza, kuti Wamtali amve bwino kuti sanasinthe ngakhale imodzi.